Botolo la Viniga: M'khichini ndi Kuchipatala

Sabata ino ndafuna kuti tikambirane za chinthu chimene ambiri a ife timangochipitirira m'sitolo poganiza kuti ndi cha m'nyumba za anthu olemera, pamene chili ndi ntchito pa moyo wa mayi aliyense. Chinthucho ndi viniga. Madzi owawasa amenewa, amene amasunga mango kuti asaole, ndi omwewo amene namwino amagwiritsa ntchito poyeza khomo la chiberekero. Mayi amene wamvetsa mmene viniga amagwirira ntchito m'khichini mwake sadzakhalanso ndi mantha akadzamuona m'manja mwa namwino.

Kodi viniga nchiyani?

Viniga si chinthu chatsopano ayi. Amene mumawerenga Buku Lopatulika mumamudziwa ndi dzina lakuti vinyo wosasa, uja Rute anaitanidwa kuti asunsemo chakudya chake pa nthawi yokolola m'munda wa Boazi. Ngakhale dzina lachingerezi limene ife tinalisandutsa viniga linachokera ku mawu achifalansa otanthauza zomwezo, vinyo wosasa.

M'botolo la viniga wa m'sitolo muli zinthu ziwiri zazikulu. Pa magawo 100 aliwonse, pafupifupi magawo 95 ndi madzi, ndipo magawo 5 okha ndiwo asidi wotchedwa asetiki. Asidi ameneyu ndiye mwini wake wa kuwawasa ndi fungo lolasa m'mphuno lija. Akatswiri amamulemba CH3COOH, kutanthauza kuti kachidutswa kake kakang'onong'ono kamangidwa ndi kaboni muwiri, haidirojeni munayi ndi okosijeni muwiri. Zinthu zitatu zimenezi ndi zomwezo zimene zili mu shuga, kungoti zalumikizana mwa njira ina.

Si kuwawasa konse kumene kuli kwa viniga. Ndimu ali ndi asidi wakewake, bwemba ali ndi wake, ndipo kuwawasa kwa chambiko ndi thobwa logona kumachokera makamaka kwa asidi winanso. Onsewa ndi a banja limodzi, ndipo ife a kuno kwa tiyi tili nayo njira yapafupi yowazindikirira. Mukafinyira ndimu m'tiyi wopanda mkaka, mtundu wake wakuda uja umasuluka nthawi yomweyo. Dontho la viniga limachitanso chimodzimodzi.

Asidi wa asetiki akakhala yekha wopanda madzi ndi woopsa, amawotcha khungu ndi maso. Alinso ndi khalidwe lodabwitsa lakuti amaundana ngati ayezi kukangozizira kufika pansi pa madigiri 17. Ndiye kuti botolo lake litagona pakhonde kuno ku Thyolo mu June kapena July, chiperoni atatsika m'mapiri, m'mawa mukhoza kulipeza litauma gwa. Asidi wamphamvu wotereyu ndi wa m'mafakitale, kumene amapangira guluu woyera wa akalipentala, penti, nsalu zina ndi mankhwala monga asipirini. Alibe malo m'nyumba ya ana.

Mmene amapangikira

Kupangika kwa viniga kuli ndi masitepe awiri, ndipo mayi aliyense amene anaonapo mowa ukufululidwa akudziwa kale sitepe yoyamba. Tizilombo ta yisiti timadya shuga wa m'zipatso kapena m'chimera n'kumusandutsa mowa. Mowawo ukasiyidwa poti mpweya uziukhudza, pamabwera tizilombo tina, mabakiteriya otchedwa Acetobacter, timene timatenga mowa uja pamodzi ndi okosijeni wa mumpweya n'kupanga asidi wa asetiki. Nchifukwa chake vinyo wosiyidwa chitsegulire amasasa, pamene wotsekedwa bwino amakhalitsa. Anthu anapanga viniga kwa zaka zikwi zambiri osadziwa chimene chimachitika, kufikira m'zaka za m'ma 1860 pamene Louis Pasteur wa ku France anaonetsa kuti ntchitoyi imagwiridwa ndi tamoyo tosaoneka ndi maso.

Tsono poti kuno kwathu nthochi zopsetsa ndi makoko a chinanazi timangotaya kudzala, mukhoza kupanga viniga wanu. Tsukani makoko a chinanazi chimodzi, kapena sendani nthochi zinayi zopsa kwambiri, muike m'botolo lalikulu lagalasi. Thiranimo lita imodzi ya madzi owiritsa amene azizira, ndi theka la kapu ya shuga. Musatseke ndi chivundikiro, koma mangani kansalu koyera pakamwa kuti mpweya uzilowa koma ntchentche zisalowe. Muzitakasa tsiku ndi tsiku kwa sabata imodzi kapena ziwiri mpaka thovu litaleka. Kenaka sefani, bwezerani madziwo m'botolo, mangani kansalu kaja, ndipo ikani pamalo ofunda ndi amdima kwa masabata anayi kapena kupitirira. Pamwamba pakayandama kachikopa koterera musadabwe, ndiyo nyumba ya mabakiteriya aja, ndipo azungu amakatcha mayi wa viniga. Koma mukaona nkhungu yaubweya, yakuda kapena yobiriwira, tayani zonse.

Viniga wapakhomoyu ndi wabwino pa saladi ndi potsukira, koma poti mphamvu yake sitingaiyeze, posunga chakudya cha miyezi yambiri mugule wa m'sitolo amene pa botolo pake palembedwa 5%.

Ntchito zake pakhomo

Ntchito yake yoyamba ndi kusunga chakudya. Tizilombo tambiri toolesa chakudya ndi todwalitsa anthu sitingathe kuswana m'malo owawasa chotere. Mukawerenga pa mabotolo a sosi wa tomato kapena wa tsabola, kawirikawiri mudzapeza palembedwa vinegar, acetic acid kapena E260, ndipo maina atatuwa akunena za asidi mmodzi yemweyo.

Chaka ndi chaka mango amagwa n'kuolera pansi mu December, anyezi ndi tomato amatsika mtengo pa msika wa Bvumbwe mpaka ogulitsa kumatayira m'ngalande, koma ikafika February tili kudya nsima ndi masamba okhaokha. Achari ndi njira imodzi yosungira zokoma za nthawi ya zambiri kuti zidzatithandize pa nthawi ya zochepa. Kapangidwe kake nkotere.

Tengani mango 10 aawisi, olimba, mu October kapena November. Tsukani, pukutani, dulani tizidutswa tating'ono. Wazani masupuni aakulu atatu a mchere, mugoneke usiku umodzi, ndipo m'mawa mutaye madzi amene atuluka. Yanikani pa lichero loyera tsiku limodzi, mutaphimba ndi kansalu kopyapyala. Tenthetsani kapu imodzi ya mafuta ophikira, mukazingemo pang'ono adyo wosinja, tsabola monga mmene banja lanu limakondera, ndi masupuni awiri a kale. Phulani, thirani mango aja ndi kapu imodzi ya viniga, musakanize bwino. Longedzani m'mabotolo agalasi amene mwawiritsa ndi kuumitsa, mutsindire kuti madzi ndi mafuta zikwirire mango onse. Dikirani masabata awiri musanayambe kudya, ndipo potapa muzigwiritsa ntchito supuni youma ndi yoyera nthawi zonse. Anyezi ang'onoang'ono ndi kabichi zimasungikanso mukazimiza mu viniga wowiritsa ndi mchere pang'ono. Musachulutse madzi pofuna kupulumutsa viniga, pakuti mphamvu yosunga chakudya ili m'kuwawasako.

Ntchito yachiwiri ndi pophika zofufumitsa. Soda, pamodzi ndi chidulo chimene timatcheza ku phulusa pophika therere, ndi za banja lotsutsana ndi asidi. Soda ndi viniga zikakumana zimachita thovu, ndipo thovulo ndi mpweya wa kaboni dayokisaidi, womwewo umene umatuluka mukatsegula botolo la zoziziritsa kukhosi. Mpweyawo ukatsekeredwa mu ufa umafufumitsa. Choncho pophika chigumu, ngati mulibe chambiko, thirani supuni imodzi ya viniga m'kapu ya mkaka, mudikire pang'ono, ndipo chigumu chanu chidzafufuma bwino, osamvekanso kununkha soda. Koma potsuka ziwiya musazisakanize ziwirizi. Thovu lija limakondweretsa maso chabe, pamene zoona zake nzakuti zaphana mphamvu ndipo chatsala ndi madzi a mchere.

Ntchito yachitatu ndi ukhondo. Zoyera zolimba zimene zimakanirira pansi pa ketulo ndi laimu wa m'madzi, ndipo zimasungunuka mukawiritsamo viniga wosakaniza ndi madzi muyeso wofanana, kenaka n'kutsukuluza. Mpeni wadzimbiri ukagona mu viniga usiku umodzi, dzimbiri limachoka mosavuta poukwecha. Fungo la usipa kapena matemba m'manja ndi pa thabwa lodulira limatha ndi madontho ochepa, chifukwa zimene zimanunkhitsa nsomba ndi za banja la soda, ndipo asidi amazimanga kuti zisauluke. Nyama yolimba ya nkhuku yachikuda imafewako mukainyika maola angapo mu viniga pang'ono, adyo ndi mchere.

Zoyenera kupewa

Musasakanize viniga ndi Jik kapena mankhwala ena alionse oyeretsera a klorini. Ziwirizi zikakumana zimatulutsa mpweya wa poizoni umene umawotcha maso ndi mapapo, makamaka m'kabafa kotsekeka.

Musasunge viniga kapena achari m'poto wa aluminiyamu, m'ndowa ya malata kapena m'chiwiya cha kopa, pakuti asidi amadya zitsulozi pang'onopang'ono ndipo zimalowa m'chakudya. Galasi ndilo labwino koposa.

Viniga sateteza madzi akumwa. Tonse tikukumbukira kolera ya mu 2022 ndi 2023 imene inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Madzi akumwa awiritsidwe kapena athiridwe klorini monga alangizi a zaumoyo amatiuzira.

Musamwe viniga wosasungunula poti ena akuti amachiza shuga, kuthamanga kwa magazi kapena kunenepa. Amaperesa mano ndi kuwotcha kummero, ndipo sangalowe m'malo mwa mankhwala a kuchipatala.

Chomaliza, ndipo ichi ndikunena monga mayi kwa amayi anzake, musathire viniga kapena ndimu m'njira ya amayi pofuna kudziyeretsa kapena kupewa mimba. Sateteza ku mimba ngakhale ku matenda, koma amasupula khungu lofewa la m'katimo ndi kutsegulira matenda khomo. Ntchito ya viniga pa thupi la mayi ndi imodzi yokha, ndipo ili m'manja mwa namwino wophunzitsidwa.

Viniga m'manja mwa namwino

Tabwererani ku mkaka tinauthira viniga pophika chigumu uja. Mukauyang'ana mudzaona kuti wachita timibulu toyera. Mukathira viniga pa nyama yaiwisi yofiira, pamwamba pake pamatuwa. Chimene chachitika nchakuti asidi wakhwimitsa mapuloteni a mumkaka ndi m'nyamamo, monga mmene moto umayeretsera madzi a dzira. Khalidwe limeneli, limene timaliona m'khichini tsiku ndi tsiku, ndilo likupulumutsa miyoyo ya amayi.

Khansa ya khomo la chiberekero ndiyo imapha amayi ambiri kuno ku Malawi kuposa khansa ina iliyonse, ndipo dziko lathu lili m'gulu la maiko amene nthendayi yafala kwambiri pa dziko lonse lapansi. Akatswiri a bungwe la WHO anawerengera kuti m'chaka cha 2020 chokha amayi oposa 4,000 a m'dziko muno anapezeka nayo, ndipo pafupifupi 3,000 anamwalira. Gwero lake ndi kachilombo kotchedwa HPV, kamene kamafala pokhalira malo amodzi mwamuna ndi mkazi, ndipo ndi kofala kotero kuti anthu ambiri amakatenga nthawi ina pa moyo wawo, ngakhale amene ali pa banja lokhulupirika. Mwa ambiri thupi limakagonjetsa lokha. Mwa ena kamakhalitsa n'kuyamba kusintha maselo a pakhomo la chiberekero mwakachetechete, popanda ululu uliwonse. Kuti kusinthaku kufike pokhala khansa pamapita zaka 15 mpaka 20, koma kwa mayi amene chitetezo chake cha m'thupi chatsika, monga amene ali ndi HIV koma sakumwa mankhwala, zaka 5 mpaka 10 zikhoza kukwana. Zaka zimenezi ndiwo mwayi wathu. Akulu anati mmera mpoyamba, ndipo nthendayi ikagwidwa isanazike mizu imathetsedwa tsiku limodzi.

Kuyezaku amakutcha VIA. Mayi amagona pa bedi m'chipinda chotseka, namwino amalowetsa kachipangizo kotsegula njira kuti khomo la chiberekero lioneke, ndipo amapakapo thonje lonyikidwa mu viniga wa mphamvu ya magawo 3 mpaka 5 pa 100, wofanana ndi wa m'khichini mwathu. Amadikira mphindi imodzi, n'kuunika ndi nyali. Maselo athanzi amakhalabe ofiirira monga m'kati mwa tsaya. Koma maselo amene ayamba kusintha amakhala othithikana ndi odzaza mapuloteni, motero viniga akawakhudza amayera kwa kanthawi monga mkaka uja, ndipo namwino amaona banga loyera la malire ooneka bwino. Zotsatira mumazimva pompo, osadikira kuti zichokere ku Blantyre.

Njirayi inayesedwa mokwanira. Mu 1999 madokotala a ku University of Zimbabwe anafalitsa zimene anapeza atayeza amayi oposa 10,000, ndipo zinaonetsa kuti anamwino ophunzitsidwa angathe kuona mabanga ambiri otere ndi viniga ndi maso awo. Mu 2013 a chipatala cha Tata Memorial ku Mumbai, m'dziko la India, analengeza kuti pakati pa amayi pafupifupi 150,000 amene anawatsatira kwa zaka zambiri, kuyeza ndi viniga kunachepetsa imfa za khansayi ndi magawo 31 pa 100. Kuno kwathu Unduna wa Zaumoyo unakhazikitsa njirayi m'dziko lonse kuyambira mu 2004. Mu 2021 bungwe la WHO linalangiza kuti kumene kuli kotheka ayambe ndi kuyeza kachilombo ka HPV kenikeniko, ndipo zipatala zina zayamba kutero, koma viniga akugwirabe ntchito yake m'zipatala zathu zambiri.

Banga loyera likapezeka sindiye kuti muli ndi khansa. Kawirikawiri ndi chenjezo chabe lakuti pakapanda kuchitika kanthu, khansa ikhoza kudzabwera m'tsogolo. Banga laling'ono amalithetsa pomwepo poliziziritsa kwambiri ndi mpweya, kapena politenthetsa ndi kachitsulo kakang'ono kwa kanthawi kochepa. Mayi amamva kupotokola ngati kwa kumwezi, ndipo amabwerera kwawo ndi miyendo yake tsiku lomwelo. Pambuyo pake kumatuluka madzimadzi kwa masabata angapo, ndipo pafunika kupumula osakhalira malo amodzi ndi abambo kwa mwezi kapena monga namwino anganenere, kuti chilonda chipole. Banga likakhala lalikulu kapena lokayikitsa, amakutumizani kwa madokotala aakulu monga a ku Queen Elizabeth ku Blantyre.

Zimene zimatigwira miyendo

M'magulu athu a amayi, kuyambira ku Makwasa, Thekerani mpaka ku Luchenza, zifukwa zimene ndimamva nzofanana. Ena akuti kuyezako kumatseketsa kubereka. Si zoona. Viniga sadutsa pakhomo la chiberekero, ndipo amayi amene anathandizidwa banga laling'ono amatenga pakati ndi kubereka bwinobwino. Ena akuti akakupeza nalo amachotsa chiberekero. Kuchotsa chiberekero kumachitika nthenda ikakula, ndipo kuyeza msanga ndiko kumatipulumutsa ku mpeni umenewo. Ena ndi manyazi. Komatu amayi, pobereka ana athu tinavula pamaso pa anamwino omwewa, ndipo manyazi a mphindi zochepa sangafanane ndi kusiya ana amasiye.

Chifukwa chachikulu kwa ife a m'maesiteti ndi nthawi. Kuyambira December mpaka April, mvula ikamagwa, tiyi amaphuka mofulumira, ndipo mayi wothyola amawerenga tsiku lililonse ndi makilogalamu amene akanaika pa sikelo. Izi nzomveka. Tsono tiyeni tigwiritse ntchito miyezi ya chilimwe, pamene masamba achepa m'minda. Gulu lililonse lisankhe tsiku, lifunse mlangizi wa zaumoyo kuti kuyeza kumachitika liti ku chipatala chachikulu cha boma ku Thyolo, ku Malamulo kapena ku chipatala chaching'ono chapafupi, ndipo amayi apite asanu kapena khumi pamodzi. Ku zipatala za boma salipiritsa. Sankhani tsiku limene simuli kumwezi, ndipo musaiwale kabuku kanu ka kuchipatala. Oitanidwa makamaka ndi amayi a zaka 25 mpaka 49, ndipo namwino adzakulemberani tsiku lodzabweranso. Amayi amene ali ndi HIV amayenera kuyezetsa pafupipafupi, pakuti WHO imati chiopsezo chawo ndi chachikulu kasanu ndi kamodzi poyerekeza ndi cha anzawo.

Koma mayi wa msinkhu uliwonse amene akutaya magazi atakhalira malo amodzi ndi abambo, kapena pakati pa mwezi, kapena atasiya kale kusamba, ngakhalenso amene akutuluka zonunkha zosatha, asadikire chilimwe kapena gulu. Wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko. Apite sabata yomwe ino, ngakhale tiyi atachuluka chotani m'munda.

Kwa abambo amene mumawerenga tsamba lino mobisa, tikudziwa kuti mulipo ndipo takulandirani. Gawo lanu ndi kupereka ya basi, kuperekeza mayi kunyumba ngati angafune, ndi kudekha mwezi uja wa kupola. Ndipo za ana athu aakazi, kuyambira mu 2019 boma linayamba kupereka katemera wa HPV kwa atsikana a zaka 9. Katemerayu amateteza bwino koposa akaperekedwa mwana asanadziwe mwamuna, ndipo samuletsa kudzabereka. Alangizi akafika pa sukulu, tisabise ana m'nyumba.

Choncho amayi anzanga, pamene mukutsuka mabotolo a achari chaka chino, funsanani pa gulu kuti ndani mwa inu sanayezetse, ndipo musabalalike musanagwirizane tsiku. Amene mwayesa achari ameneyu kapena muli ndi njira yanu yosungira anyezi, tilembereni kuti anzathu aphunzireko. Sabata ya mawa tidzakambirana za kufutsa masamba a nkhwani ndi khwanya kuti asataye thanzi lake. Tsalani bwino.